Mpweya wa M'thanki

Amene anandilakwira ndi amalume anga enieni, Che Saizi, obadwa bere limodzi ndi mayi anga. Ndawatchula poyambirira pomwe kuti wina asadzanene kuti ndinkazungulira. Anatenga ine ndi alamu anga a Fanuwelo nakatipereka ku sitima yozembetsa mfuti ngati mbuzi ziwiri za pamsika. Alamu anafera komweko. Ine ndinawaimbira foni amalumewo, kuwauza ndi pakamwa pangapa kuti munthu wafa. Iwo anadzuka, navala malaya abwino, nakauza achemwali anga a Dailesi kuti mwamuna wanu wathawira ku Joni ndi mkazi wina. Chonsecho nkhoswe ya ukwati umenewo anali iwo omwe.

Kwathu ndi ku Lungwena. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi nditaswa windo la kalasi ndi mutu wa mnzanga, ndipo sindinabwererenso ngakhale kukatenga makope. Mayi atatopa ndi milandu yanga ananditumiza ku Malombe, kumene alamu ankagwira ntchito ya bilamani pa nkacha. Ukonde wa nkacha umaponyedwa mozungulira, koma kunsi kwake kumakhala kotseguka. Ndiye pamafunika munthu woti amire, akasonkhanitse zingwe za pansi ndi kumanga mfundo kuti nsomba zisatulukire kumeneko. Ameneyo ndiye bilamani. Alamu ankamira mpaka alovi, anzathu okoka ukonde m'boti, kuyamba kuyang'anana. Kenako pavuu! mutu uja, kukoka mpweya chifuwa chonse, n'kukuwa kuti, "Kokani!" Bilamani aliyense amatero. Sachita kuganiza, thupi limachita lokha.

Anandiphunzitsa ndi iwo. Ankanditchula kuti Tsabola.

"Alamu a Tsabola, pansi pa madzi kulibe woti mumumenye. Mkwiyo umadya mpweya. Usiyeni m'boti, mudzaupeza."

"Achemwali anga anakukondani chiyani inu, miyendo ngati ya kakowa?"

"Kafunseni okha. Mukaona akuseka, musafunsenso."

Amalume anatipeza pagombe tikusoka ukonde. Anabwera pa njinga yamoto yatsopano, nsapato zosagwirizana ndi mchenga.

"Anyamata inu, mudzanunkha nsomba mpaka liti? Ku nyanja yamchere kuli sitima ikufuna anthu osunga mpweya. Ntchito yake ndi kumanga chingwe basi, yomweyi mukuchita pano. Miyezi yochepa mwabwerako ndi malata."

Achemwali anali ndi pakati poyamba. Alamu anaganiza za malata. Ine ndinaganiza zoti kunja kulibe amene akudziwa milandu yanga.

Tinakwera phiri la ku Namwera pa lole, tinadutsa malire m'njira ya m'munda wa fodya, ndipo tsidya linalo anatilandira munthu amene sanatifunse maina. Masiku angapo m'galimoto, kenako jahazi, boti la thanga lija. Madzi amchere ndinawalawa ndi chala ndipo ndinalavula. Alamu anaseka mpaka kutsokomola.

Sitimayo tinaipeza itaima patali ndi doko, kumene boma silifika. Sindinaonepo chinthu chokalamba chotero chikuyandama. Zitsulo zake sizinali zowotcherera ngati za masiku ano, zinali zokhomedwa ndi misomali ya mitu yozungulira, mizeremizere, ndipo msomali uliwonse unkalira dzimbiri. Anthu ake ankangoitchula kuti Nkhalamba.

Wophika anali mkulu wina wa ku Metangula, m'mbali mwa nyanja yathu yomweyi, kungodutsa malire, ndiye chinenero tinkamvana. Onse ankamuitana kuti Babu. Tsiku lachiwiri anatitengera kutsogolo kwa sitima, napala penti ndi mpeni wake wa anyezi.

"Onani. Ili ndi dzina. Pansi pake pali lina. Pansi pake linanso. Ndapalapo mpaka anayi, ndinatopa ndine. Belu lija analifufuta ndi tupa kuti dzina loyamba lisaoneke. Iyi ndi ya m'gulu lakale, pamene azungu anayamba kuthira mafuta m'mimba mwa sitima m'malo mwa m'migolo. Itakalamba eni ake anaigulitsa kuti ikaphwanyidwe, koma inagwa m'manja mwa anthu amene anaona kuti wapolisi akatsegula thanki n'kuona mafuta, salowetsamo mkono. Inanyamulira mfuti azungu kuti aphe akuda. Inanyamulira akuda kuti aphe azungu. Kenako akuda okhaokha, mbali zonse ziwiri, ulendo umodzi. Mbendera zili m'bokosi mwa kapiteni ngati zitenje, amasankha ya tsikulo."

"Nanga ife tabwerera chiyani?" anafunsa alamu.

Babu anapukuta mpeni pa kabudula. "Inu ndi a Che Saizi, eti? Awiri anabwera inu musanabwere. A ku Malombe komweko."

Tinawadziwa. Kumudzi kunkamveka kuti anyamata amenewo anapitirira ku Joni ndipo anaiwala makolo. Ndinafunsa kuti ali kuti. Babu analoza madzi ndi mlomo.

Ntchito yake inali iyi. Mfuti ndi zipolopolo ankaziika m'migolo yachitsulo yomata bwino, n'kuimiza pansi pa thanki ya dizilo. Akafika kwa ogula, kumpoto kumene kunali nkhondo, sankapopa dizilo yense chifukwa ankafunika kuoneka pa doko lotsatira. Ndiye munthu ankayenera kutsika makwerero m'thankimo, kumira mu dizilo, kukakoleka ngowe pa mgolo, n'kukokedwa ndi chingwe cha m'chiuno. Ankatipaka girizi thupi lonse ndi kutipatsa magalasi a m'madzi amene ankadontha.

Dizilo si madzi. Madzi amakunyamula, dizilo amakumeza ngati mwala. Ndi mdima bii, ukuyenda ndi manja m'matope akuda a zaka ndi zaka. Amalowa m'makutu, m'maso, ndi kumalo kumene sindingatchule. Koma choopsa chenicheni anatiuza ndi Babu, atatigwira mapewa tonse awiri.

"Ana a kwathu, mverani. Kwanu mukavuuka mumapuma. Muno ukavuuka usapume. Mpweya uli pamwamba pa mafutawo ndi umene umapha, osati mafuta. Upume uli kunja, utsike, umire, akukoke, ndipo pakamwa utsegule mutu utatuluka pa chivundikiro. Anzanu aja anali akatswiri kuposa inu. Chinawapha ndi ukatswiri womwewo. Chinanso, chitsulo chikatentha ndi dzuwa musalowe, ngakhale akuloze mfuti."

Kuyambira pamenepo alamu ankandimenya kambama ka pamlomo ndisanatsike. "Tsabola, chotseka." Inenso ndinkawabwezera, mwina mopyola muyeso, iwo n'kumati, "Iwe, ukundikumbutsa kapena ukulipsira?"

Tinakhala nayo Nkhalamba nthawi yaitali, kukwera ndi kutsika gombe limenelo. Khungu linasupuka ngati la njoka. Chakudya chilichonse chinkamveka dizilo, ngakhale mkodzo unkanunkha galaja. Tinkagona pa makatoni pafupi ndi khitchini, ndipo alamu ankawerenga miyezi pa zala kuti mwana wabadwa liti. Ankati akakhala wamkazi safuna adzakwatiwe ndi msodzi. Foni anatilanda tsiku loyamba. Kuthawa kunali kovuta, chifukwa sitimayo sinkayandikira mtunda kumene kuli anthu abwino, ndipo panali alonda atatu a mfuti.

Wotiyang'anira anali kapitawo wina wamfupi wa dzino lagolide. Tinkamutchula Dzino. Chichewa sankadziwa, koma mawu oti galu anawaphunzira mwamsanga. Ndinamupirira nthawi yonseyo chifukwa alamu ankandiponda phazi ndikayamba kunjenjemera.

Tsiku lake linafika tili pa mtsinje wina wolowa m'nyanja, mbali zonse mitengo yomera m'madzi. Tinayamba m'mamawa kukuzizira, kusinthana, iwo ine, iwo ine. Nditatuluka kachitatu magalasi anali atadzaza dizilo, maso ngati athiramo makala. Ndinakwawa kupita pa ndowa ya madzi abwino. Dzino anaiponda ndi phazi, madzi onse pansi. Akuti madzi achepa, galu asambe a mchere. Anaseka, dzino lija n'kuwala.

Alamu anali patali, panalibe wondiponda phazi. Ndinamugunda ndi mutu pakamwa. Ndinamva chinthu chikuthyoka, ndipo ndinakondwa, sindinama. Ndinamukwera pamimba ndi kumusinja mpaka alonda anandigwetsa ndi matako a mfuti. Anandiponda m'nthiti, m'khosi, kumaso. Dzino atadzuka, magazi ali chuchuchu pa malaya, anawauza kuti agoneke dzanja langa lamanzere pa mlomo wa thanki. Anagwetsapo chivundikiro chachitsulo. Zala zitatu izi zimene sizipindika zinathera pamenepo. Kenako anandimangirira ku chitsulo cha m'mbali mwa sitima, padzuwa.

Ogula anafika dzuwa lili pamutu, m'maboti awiri, nkhope zokulunga nsalu. Migolo inali itatsala inayi pansi, ndipo inayi yonseyo inali yoti tigawane ine ndi alamu, iwiriiwiri. Chitsulo chinali chotentha moti phazi silinkaponda. Babu anatuluka m'khitchini kukachonderera kuti adikire kuzizire, anamukankha ndi mfuti pachifuwa. Ogula aja anaombera m'mwamba kawiri.

Alamu anadzipaka girizi okha. Anamanga chingwe m'chiuno ndi mfundo yawo ya pa nkacha, yopinda kawiri n'kubisa nsonga. Podutsa pamene ndinali ine anaima.

"Ndinakuuza kuti uusiye m'boti."

"Alamu, musalowe."

"Ndisalowe, alowe ndani? Apongozi ako?" Anawerama, naika mlomo wawo pafupi ndi dzanja langa lamoyo. "Tamenya."

Ndinawamenya kambama kaja. Anapita.

Mgolo woyamba unatuluka. Wachiwiri. Pa wachitatu alamu anatuluka akudzandira, anasanza, Dzino anawakankhira pa makwerero asanapume mokwanira. Atakoleka wachinayi anagwedeza chingwe kuti awakoke. Okoka anali anthu awiri okha, ndipo nthawi zonse ankayamba munthu, mgolo pambuyo. Koma ogula anaomberanso, chipolopolo chinalira pa chitsulo, ndipo Dzino anakuwa kuti ayambe mgolo. Okoka aja anasiya chingwe cha munthu nagwira cha mgolo wa mfuti.

Alamu anakwera okha kuchokera pansi, sindidziwa ndi mphamvu yanji, mpaka anavuuka m'kati mwa thankimo. Munthu wotopa saganiza. Thupi linakumbuka Malombe. Ndinamva ndi makutu angawa, mawu akumveka ngati ali m'mgolo: phuu! Kenako, "Kokani!"

Kamodzi kokha. Kenako phuvu.

Ndinakuwa mpaka mawu anatha. Mgolo utafika pamwamba ndi pamene anagwira chingwe chawo, koma chinali chitakola ku makwerero. Panalibe wofuna kutsika. Babu anadula zingwe zanga popanda kupempha aliyense. Ndinatsika ndi dzanja limodzi, ndinawamasula, anatikoka tonse awiri. Ndinawagoneka padzuwa, ndinawapsinja pachifuwa monga timachitira ndi womira m'madzi. M'kamwa munkangotuluka dizilo. Maso anali otsegula.

Dzino anabweretsa tcheni chakale kuti awamange nacho miyendo. Ine ndinafuna kumasula chingwe cha m'chiuno, koma mfundo ya alamu simasuka ndi dzanja limodzi. Babu anadula mbali zonse ziwiri nandipatsa mfundoyo. Ndinaiika m'kabudula. Ndinaona akuwagubuduza, ndinamva madzi akuwalandira. Palibe ananena pemphero. Ngowe ya migolo inali pansi pafupi ndi phazi langa. Ndinaitola, ndinamukhoma nayo Dzino pakati pa khosi ndi phewa, ndinakoka. Ngati anafa kapena ali moyo sindidziwa, ndipo sindinafunsepo. Ndinalumphira m'madzi zipolopolo zikuboola mbali zonse, ndipo ndinamira monga anandiphunzitsira munthu amene anali atangotsogola pansi pomwepo.

Ndinatulukira m'mitengo ija, nkhono zakuthwa zinandicheka mapazi. Ndinayenda masiku osawerenga, amayi ena anandipatsa chinangwa ndi kundimanga dzanja ndi nsanza. Pa kasitolo kena ndinapempha foni. Nambala ya amalume ndinkaisunga m'mutu.

"Amalume, alamu afa. Afera m'thanki."

Anatsitsa mawu. "Uli ndi ndani pamenepo?"

"Ndili ndekha. Ndavulaza munthu."

"Ndiye usabwere kuno, akumanga. Usaimbire aliyense. Za maliro ndisiyire ine, ndine mwini mbumba. Ndikawauza bwinobwino."

Ndinawakhulupirira. Kunena zoona, ndinafuna kuwakhulupirira, chifukwa sindinkadziwa kuti achemwali ndidzawayang'ana bwanji. Ndinakagwira ntchito m'minda ya mchere, kukokolola mchere ndi mapazi a mabala, zaka zingapo. Ndinamenyana ndi anthu ambiri kumeneko, ena osalakwa. Mfundo ija ndinkaisunga m'jumbo, ndipo fungo silinathe. M'mutu mwanga ndinkaona maliro amene ndinaphonya, achemwali atameta, abale a alamu atawasudzula kuti akhale mfulu. Ndinkadzitonthoza kuti mwina anakwatiwanso.

Chifuwa chitayamba kutulutsa magazi ndinati ndikafere kwathu. Ndinatsika basi pa boma la kwathu, ndinakwera kabaza, kenako wapansi. Mayi ndinapeza anamwalira. Nyumba ya achemwali inali yomwe ija ya udzu, yopendekeka. Pakhomo panali kamtsikana kakutsuka mbale, miyendo yaitali ngati ya kakowa. Ndinaima pamaso pake.

"Iwe, bambo ako ndani?"

Kanalavula pansi. "Ndilibe. Ndi galu wa ku Joni."

Achemwali anatuluka ataonda ngati bango. Sanandikumbatire.

"Wabwera wekha? Mnzako wamusiya akudyerera ndi hule lake?"

"Achemwali, amalume anakuuzani chiyani?"

Anandiuza zonse ali chiimire. Kuti amalume anabwera ndi nkhope yachisoni kudzanena za mkazi wa ku Joni. Kuti iwo anatentha zovala zonse za alamu pabwalo anthu akuona. Kuti anapita kwa apongozi awo kukawatukwana, ndipo mpaka lero sapatsana moni, gogoyo mdzukulu wake sanamunyamulepo. Kuti anabwerapo amuna awiri ofuna banja, koma amalume anakana, amvekere mwamuna wake ali moyo, tidikire.

Ndinatulutsa jumbo ija. Ndinawauza zonse, osasiya za ndowa, za mutu wanga, za migolo inayi imene iwiri inali yanga. Anandimenya ndi chipande kumaso mpaka chinathyoka, ine manja kumbuyo. Kenako anatola mfundoyo. Anaitembenuza, anaona nsonga yobisika. Chingwe choyanikapo zovala pakhomopo chinali ndi mfundo yomweyo, chokhacho chimene sanatenthe chifukwa sanathe kuchimasula.

Anakhala pansi. Pakamwa panatseguka koma anadzitseka ndi chitenje.

"Lirani, achemwali."

"Ndilire bwanji? Mudzi wonse ukudziwa kuti ali moyo. Ndikalira ati ndikulodza munthu wamoyo, ati iwe wabwera ndi misala ya chamba. Maliro sayamba ndi mkazi. Anene mwini mbumba, apite kwa eni ake a munthu. Iwe ndiwe ndani woti akumvere?"

Misozi inkabwerera m'kati. Zaka zonsezo anamuda munthu, tsopano kumulira komwe ankafunika chilolezo cha amene anamugulitsa.

M'mawa mwake ndinapita kuchigayo ndi kachigubu, anandithiriramo dizilo. Nyumba ya amalume inali ya malata ofiira, mpanda wa njerwa. Ndinawapeza pakhonde akumwa tiyi ndi anyamata awiri a zifuwa zazikulu, ndipo sindinachite kufunsa kuti amagwira ntchito yanji. Atandiona anaika kapu pansi, namwetulira.

"Aa, mphwanga! Wabwera osanena? Anyamata, uyu ndi mmodzi wa amene ndinawatumiza. Tafotokoza za kunja."

"Ndifotokoza, amalume."

Panali beseni losambira m'manja. Ndinataya madziwo, ndinathiramo dizilo yense. Dzuwa linali litayamba kutentha simenti. Fungo litakwera anayesa kudzuka. Ndinawagwira kumbuyo kwa khosi ndi dzanja lamoyoli, ndinawagwaditsa, ndinawatsitsa nkhope mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza. Anyamata aja anaimirira. Ndinawaonetsa zala zanga zitatu, ndinati amene akufuna zotere abwere. Sanasunthe. Akazi awo a amalume anakuwa, anthu anayamba kudzaza pa geti, ndipo pakati pawo ndinaona achemwali atagwira mwana dzanja.

Amalume anatseka pakamwa, masaya atatupa. Ankapalasa simenti ndi nsapato zija. Munthu amene ankagulitsa osunga mpweya sanathe kusunga wake ngakhale pang'ono. Anaphulika, anakoka fungo lija chifuwa chonse, anatsokomola mpaka tiyi anabwerera. Mtima wanga unkati mmize, mmize. Dzanja linkafuna. Ndinamva ngati wina wandiponda phazi.

Ndinawadzutsa, ndinawatembenuzira ku geti, ndinaika mfundo ija m'dzanja lawo ndi kulifumbatitsa. Ndinalankhula mokweza kuti wakumbuyo amve.

"Mwapuma kamodzi, amalume, ndipo muli moyo. A Fanuwelo anapuma kamodzi, ali pansi pa madzi ndi tcheni m'miyendo, ndipo inu munadziwa tsiku limene ndinakuimbirani foni. Ukwati uja munamanga ndinu. Nyamukani ndi chingwe chimenechi, wapansi, mukagwade kwa mayi awo, mukanene kuti mwana wawo sanathawe. Mukatero mupite kwa amayi a anyamata awiri a ku Malombe aja. Koma muyambe pano. Achemwali anga ndi awo ayima apo. Mpweya muli nawo. Auzeni kuti alire."